Dokotala wa Zibwenzi

"Ndikufunsa kachiwiri, Helena. Mwana wanga amakuuza chiyani m'nyumba muno?"

Benedeta anafunsa ali chiimire pakhomo, dengu la mtedza lidakali pamutu. Mng'ono wake anali pampando m'nyumba ya malemu mayi awo, kompyuta pamiyendo, magalasi pamphuno. Nelia, mwana amene ankalimbiranayo, anali atazemba kale atangomva mawu a amake panja.

"Akulu, tulani kaye dengulo, khosi lingapweteke."

"Khosi ndi langa. Yankha zimene ndafunsa."

Helena anayankha ndi kamawu kake kofatsa kaja, kamene kamakwiyitsa kuposa chipongwe. Anati pantchito yake zimene mwana wanena sazitulutsa, pokhapokha moyo wa mwanayo utakhala pangozi, ndipo Nelia sali pangozi. Anawonjeza kuti akuona kuti nkhaniyi yawapweteka mtima akulu ake, ndipo kupwetekedwa kotero n'komveka.

"Usandiyankhule ngati odwala ako, wamva? Mwana uyu ndinabereka ine, iwe uli kutali kuwerenga mabuku. Lero zamumtima mwake ukusunga ndiwe, ine ndatsala wochapa yunifolomu?"

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, akulu. Nanji wa mkulu wako."

"Umalize mwambiwo. Ukachenjera manja udya naye. Ndiye wachenjeratu manja, ukudya naye ine ndikuona."

Anatembenuka mwamphamvu mpaka mtedza wina unagwa pakhonde, koma sanawerame kuti autole.

Kunena chilungamo, Helena sanabwere kudzalanda mwana wa munthu. Anali dokotala wopanda jakisoni, wa za maganizo a anthu, ndipo ankaphunzitsa kuyunivesite. Sukulu yake yonse inathera pa funso limodzi: ana a msinkhu wa kusekondale amagwirizana bwanji, amasalana bwanji, nanga mwana wosalidwa ndi anzake mumtima mwake mumachitika zotani. Mabuku amene anawerenga ankanena za ana a kumayiko akutali, ndiye ulendo uno anati afufuze kwawo konkuno, m'midzi ya kufupi ndi Namitete, kuti ana a alimi a fodya nawo adziwike. Kafukufukuyo akayenda bwino, akuluakulu a kuyunivesite amukweza paudindo. Pamsonkhano wa makolo kusekondale yoyendera anafotokoza momveka kuti akufufuza za ubwenzi wa pachinzawo, momwe ana amakhalira ndi anzawo. Makolo anawomba m'manja kuti mwana wa m'mudzi wabwera ndi udokotala. Benedeta naye anawomba, koma manja ake sanamveke.

Nsanje yake sinali ya kagalimoto kamene kankagona pansi pa mtengo wa mango, kapena ya nsapato zogogoda. Zimenezo anazizolowera kalekale. Iye sukulu anaisiyira panjira kuti adwazike mayi awo, winayo napitirira, ndipo mtima wake unali utavomera kuti Mulungu amagawa mosiyana. Chimene chinkamudya ndi Nelia. Kuyambira teremu yapitayo mwanayo anali atasintha. Kale ankabwera kuchokera kusukulu ndi Ireen, mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, akuseka msewu wonse. Tsopano ankabwera yekha, mutu pansi, kudya kongotola ngati mlendo. Amake akafunsa, yankho linali limodzi: palibe. Koma Helena atangofika n'kuyamba kukumana ndi atsikana a fomu thu Lachitatu masana, mwana yemweyo anayamba kukhalitsa m'nyumba ya amake aang'ono. Tsiku lina Benedeta akudutsa ndi ndowa anamumva akuseka m'katimo. Kuseka kumene iye anakusaka miyezi osakupeza, wina anakupeza m'masiku owerengeka, ndipo zinamuwawa koopsa.

Amuna ake, a Clement, analibe nthawi ya zimenezi. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo iwo ankaswera m'chigafa, manja akuda ndi utomoni. Atawadandaulira, anangoti athokoze kuti mwana wayambanso kudya, chibale ndi fupa sichiola, asiye kulimbana ndi mng'ono wake ngati akazi a pamitala. Mawu omalizawa ndiwo anathira mchere pachilonda.

Sabata imeneyo amayi a pamudzi ankathandizana kuthothola mtedza, lero kwa uyu, mawa kwa uje. Tsiku la kwa Enelesi, amake a Ireen, anakhala mozungulira mulu, miyendo yotambasula, zala zikugwira ntchito, pakamwa naponso posapuma. Atatha za mitengo ya feteleza ndi za mkamwini wa uje amene amadzuka dzuwa lili pamutu, Enelesi anatembenukira kwa Benedeta.

"Kodi ang'ono anu aja, akamatsekera ana athu m'kalasi Lachitatu, kwenikweni amakamba zotani? Wanga ndikamufunsa akuti n'zachinsinsi."

Yankho Benedeta ankalidziwa. Pamsonkhano paja analipo, ndipo makutu ake ndi abwinobwino. Koma ubwenzi ndi chibwenzi ndi ana a mimba imodzi, kungoti wina amalowa m'tchalitchi, winayo amadikira kuseri kwa chigafa. Anathothola mtedza uwiri, nauponya m'dengu.

"Kaya. Akuti amafufuza za zibwenzi za ana."

Zala zonse zinaima. Wina anafunsa ngati wamva bwino, zibwenzi eti, ndipo Benedeta anangokweza mapewa. Pobwerera kunyumba ankadziuza kuti sananame kwenikweni, wangopotoza kaliwu kamodzi, ndipo lilime limaterereka ngakhale kwa ansembe.

Kaliwu kamodziko sikanagone panjira. Pamjigo kanasanduka kuti adokotala amafunsa mwana aliyense dzina la mwamuna wake. Kumphakati Lamlungu kanali katakula, akuti amawaphunzitsa kasungidwe ka zibwenzi makolo osadziwa. Pofika pamsika wa Namitete kanali katabala mapiritsi olera amene ankati amagawidwa m'kalasimo zenera lotseka. Anyamata a kabaza akaona kagalimoto kaja ankaitanizana kuti dokotala wa zibwenzi akudutsa. Amene ankakayika ankatsekedwa pakamwa ndi mfundo imodzi: wanena ndi mkulu wake weniweni, wa bere limodzi, angamunamizire?

Lachitatu lotsatira m'kalasi munabwera atsikana ochepa, ena ongosuzumira pakhomo. Komiti ya makolo inapita kwa ahedi, ndipo ahedi, akupepesa ndi manja awiri, anauza Helena kuti aime kaye mpaka fumbi litakhazikika. Helena anayenda khomo ndi khomo kufotokoza. Ankamuyalira mphasa, kumumvetsera mwaulemu, n'kumuuza kuti tamva adokotala, koma mwana wathu ayi. Madzulo ena Benedeta anamuona ataima pansi pa mango, foni kukhutu, akufotokozera mabwana ake m'Chingerezi ndi mawu aang'ono ngati a mwana wolakwa. Tisabise, Benedeta anakondwa. Mtima wake unazizira ngati wamwa thobwa la m'mtsuko. Anaganiza kuti tsopano mwini mabuku alongedza, abwerere kwawo kutauni, ndipo Nelia, posowa kwina, abwera kudzakhala pamkeka ndi amake.

Anaiwala kuti anthu akamva za zibwenzi sakhuta ndi mutu wa nkhani, amafuna dzina. Ngati dokotala amafufuza zibwenzi, ndiye kuti zibwenzizo zilipo. Nanga mwana amene amalowa m'nyumba ya dokotalayo tsiku ndi tsiku, n'kutuluka maso ofiira, ndani? Utsi sufuka popanda moto, anatero amayi a pamjigo, ndipo aliyense anakumbukira kuti Nelia wakhala akuonda, akuyenda yekha, osadya. Ena anayamba kumuyang'ana pamimba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zinthu zinali zitayamba kukonzeka. Lachitatu lomaliza mphekesera ija isanayambe, Nelia anabwera kuchokera kusukulu limodzi ndi Ireen, osaseka ngati kale, komabe limodzi. Tsopano Enelesi analetsa mwana wake ngakhale kupatsana moni ndi Nelia. Kusukulu anyamata ankamuimbira likhweru. Pabolodi wina analemba dzina lake n'kujambula mtima wolasidwa. Nelia ankavala yunifolomu m'mawa, kutuluka ndi chikwama, koma n'kukakhala kudimba pakati pa nzimbe mpaka anzake ataweruka. Amake sanadziwe. Ankangoona kuti mwana wasiya kupita kwa Helena, namayesa kuti mankhwala agwira.

A Clement anakazimva ku Namitete, kumene anapita kukafuna lole yonyamula mabelo. Mnzawo wina anawafunsa mwachifundo ngati mwini mimbayo wadziwika. Anabwerera lole osaipeza, njinga akuipalasa ngati akuthawa njuchi, nafika dzuwa likupendeka. Anaitana Nelia pabwalo. Mwanayo anagwada patali pang'ono, manja pamaondo. Benedeta anatuluka m'khitchini akupukuta manja, ndipo Helena, atamva kukuwa, anabwera n'kuima pafupi ndi nkhokwe.

"Dzina lake ndani mnyamatayo?"

"Kulibe mnyamata, ababa."

"Msika wonse ukunama? Ine ndikuthyoka msana m'chigafa kuti iwe uphunzire, iwe uli kalikiliki ndi amuna? Nditchulire dzina ndisanathyole nthambi iyi."

Nelia anadzutsa mutu. Sanalire. Anayang'ana amake.

"Afunseni amayi. Ndiwo akumudziwa."

"Ukuti chiyani?" anafunsa a Clement.

"Ireen anandiuza pamaso pa kalasi yonse. Anati usakane, anena ndi amayi ako omwe, pamtedza kwathu."

"Ine sindinatchule iwe," anatero Benedeta msangamsanga. "Ndinanena za ntchito ya Helena basi."

Atatseka pakamwa m'pamene anazindikira kuti wadziulula yekha. A Clement anatsitsa dzanja limene linali litagwira kale nthambi. Helena anavula magalasi, ndipo kamawu kofatsa kaja kanali katapita.

"Munali pamsonkhano, akulu. Munakhala kutsogolo. Liwu limene ndinanena munalimva."

"Lilime linaterereka."

"Lilime lanu silinaterereke chibadwire. Ine ndakhala ndikuzungulira mudzi uno ngati wogulitsa mankhwala a makoswe, kufunafuna amene anandipaka matope, osadziwa kuti ndimamwa naye madzi a mtsuko umodzi. Za ine zisiyeni. Chaka chatayika, kukwezedwa kwapita, ndikayambira kwina, sindifa. Koma mwana uyu mawa akalowa kalasi iti? Akakhala benchi limodzi ndi ndani?"

"Ukanandiuza zimene amakuuza, bwenzi zonsezi kulibe. Unanditsekera kunja ngati galu, pa mwana wanga yemwe. Nena lero, pamaso pa bambo ake. Amakuuza chiyani?"

Helena anayang'ana Nelia. Mwanayo anapukusa mutu pang'ono chabe. Helena anavalanso magalasi ake, nati sanganene, ndipo anabwerera kunyumba kwake. Ngakhale pamenepo, manyazi atamugwira, Benedeta anamva nsanje ikumuluma poona awiriwo akumvana ndi maso okha.

Masiku otsatira pakhomopo panali zii ngati pamaliro. A Clement anayesa kumuperekeza Nelia kusukulu, koma mwanayo atafika pachipata anakanirira pomwepo osalowa, mpaka bambo ake anachita mantha. A Clement anakhala pansi ndi mlamu wawo Helena, nakambirana nthawi yaitali, Benedeta osaitanidwa. Pomaliza anamuuza chigamulo: Helena akubwerera kutauni Loweruka, ndipo Nelia apita naye, akamupezera malo pasukulu ya kumeneko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anatero, koma ankayang'ana kumbali ponena. Benedeta anakana, analira, anati mwana ndi wa kuchikazi, mwamuna sangamupereke ngati nkhuku. A Clement anamukumbutsa kuti kumene akupitako n'kuchikazi komweko. Kenaka anati ngati akufuna mwana akhale, akachotse yekha zimene anadzala, kuti mwanayo athe kuyenda pamsewu.

Choncho Lachisanu Benedeta anamanga chitenje, napita kwa Enelesi. Anamupeza akupeta mtedza pakhonde. Anakhala pansi, napereka moni wautali, nafunsa za ana ndi za mbuzi, mpaka nkhani zozungulira zinatha. Ndiye anafotokoza kuti tsiku lija anaphonya liwu, Helena ananena ubwenzi wa pachinzawo, osati zinazo, ndipo Nelia alibe mwamuna aliyense. Anapempha kuti Enelesi amuthandize kuuza amayi ena.

Enelesi sanasiye kupeta.

"Amake Nelia, madzi akatayika saoleka. Tsiku lija munanena muli phee, wina osakukakamizani. Lero poti zagwera m'nyumba mwanu mukuti liwu linaphonyeka? Ndikakauza anthu, akati mukubisa mwana. Inenso ndingabise wanga."

"Koma mwanayo ndi wosalakwa."

"Wosalakwa? Mwana wanuyo ngolusa kale. Teremu yapitayi anang'amba Ireen wanga mlomo, ine ndinangokhala chete chifukwa cha chinansi."

Benedeta anati zimenezo akuzimva koyamba. Enelesi anaimitsa lichero, namuyang'ana modabwa.

"Simunamve kodi? Sukulu yonse ikudziwa. Kunali kucheza kwa ana basi. Atamva kuti adokotala akubwera, Ireen anangoti nzeru zonse za kwanu anatenga ndi iwowo, amayi ako anatsala mbuli ya khasu. Anzake n'kuseka. Wanuyo osayankha, mbama. Akuti amayi anga anasiya sukulu chifukwa chodwazika agogo, wina abwerezenso aone. N'chifukwa chake anzake onse anamunyanyala. Ndani angacheze ndi munthu womenya?"

Anapitiriza kupeta, makoko akuuluka.

Benedeta sanakumbuke mmene anatsanzikira. Panjira anadutsana ndi anthu, ena anamupatsa moni, iye osawamva. Teremu yathunthu mwana wake anayenda yekha, anadya yekha pa buleki, chifukwa cha iye. Yankho la palibe lija limene ankamupatsa tsiku ndi tsiku silinali mwano, kunali kumutchinga kuti chipongwecho chisafike m'makutu mwake. Ndipo m'nyumba muja, mmene iye ankayesa kuti akumulanda mwana, anthu awiri ankasunga ulemu wake. Anafuna kukhala pansi pamsewu pomwepo n'kulira, koma kunali anthu.

Atafika anapeza Nelia akuchapa zovala zake zonse, ndi zakale zomwe. Anaima pafupi, nayamba kunena kuti wachokera kwa amake Ireen, koma mwanayo ananyamula beseni n'kupita kukayanika kuseri. Benedeta sanamutsatire. Analowa m'khitchini, nasankha mtedza wonona wokhawokha, naukazinga ndi mchere mosamala kuti usapserere, monga mmene Nelia amaukondera.

Loweruka m'mawa kagalimoto kanatuluka pansi pa mango. A Clement anapereka malangizo awo, za kulimbikira sukulu ndi za kupemphera, kenaka anati fodya akuwadikira, nalowa m'chigafa msanga kuti asaonedwe nkhope. Helena anabwera kudzatsanzika. Anati pa holide adzabwera naye, ndipo foni ilipo, azidzayankhulana. Benedeta anangogwedeza mutu. Kupepesa kunamukanika.

Nelia anatuluka ndi chikwama. Amake anamupatsa jumbo ya mtedza uja. Mwanayo anagwada, nalandira ndi manja awiri, nathokoza mwaulemu wonse, ulemu umene amapatsa alendo a bambo ake.

"Nelia, za Ireen zija ndamva. Zonse ndamva, mwanangu."

"Zinatha zimenezo."

Anadzuka, napita kugalimoto. Benedeta anatsatira pambuyo, osadziwa choti achite ndi manja ake. Mwanayo anaima pachitseko, chikwama chili m'manja.

"Amayi."

"Ndili pano, mwanangu," anayankha Benedeta mofulumira, akusendera pafupi.

Koma Nelia ankayang'ana Helena.

"Chikwamachi ndiike kumbuyo kapena ndichinyamule pamiyendo?"

Helena anayang'ana mkulu wake, kenaka pansi.

"Aang'ono," anamukonza motsitsa mawu. "Amayi aang'ono."

Nelia sanabwereze. Anaika chikwama kumbuyo, nakhala kutsogolo, nkhope yake kumsewu.